Lipoti la Mamangidwe ndi Kasamalidwe ka Nyumba ya Ightham Mote ku Kent

Lipotili likunena za nyumba imodzi ya kumudzi ku England, yotchedwa Ightham Mote, imene ili m'chigawo cha Kent, makilomita pafupifupi 10 kum'mawa kwa tauni ya Sevenoaks, kufupi ndi kamudzi ka Ivy Hatch. Gawo lake lakale kwambiri linamangidwa cha m'ma 1340, m'nyengo imene olemba mbiri ya ku Ulaya amaitcha Middle Ages, ndipo lero nyumbayi ili m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira nyumba ndi malo akale, yotetezedwa ndi lamulo pa mlingo wapamwamba kwambiri wa Grade I. Ntchito yanga ndi yoyendera nyumba zakale kuno ku England, kufufuza pamene zawonongeka ndi chimene chaziwononga, ndi kulangiza eni ake pamodzi ndi amisiri za kakonzedwe kosafafaniza ukale wa nyumbayo. Ntchito yaikulu yokonza Ightham Mote inatha mu 2004, ndipo ine ndinaipeza ili yokonzedwa kale. Ndinapitako maulendo atatu pa nyengo zosiyana, ulendo wina mvula ikugwa tsiku lonse, ndipo pano ndalemba zimene ndinaona pozilumikiza ndi mbiri yodziwika ya malowo. Ndaisankha chifukwa imatifunsa funso limene aliyense wa ntchito yathu amakumana nalo: nyumba ikamangidwa ndi mibadwo yambiri, uwu kuwonjezera chake, uwo kugwetsa pang'ono, ife obwera pambuyo tisunge ya m'badwo uti?

Malo ndi madzi

Munthu wopita ku Ightham Mote amachita kutsetsereka. Nyumbayi inakhazikidwa m'chigwa chopapatiza pakati pa zitunda za mitengo, moti madenga ndi machumuni amayamba kuoneka kumunsi kwako makoma usanawaone. Ichi chokha chikusonyeza kuti omanga sankafuna linga la nkhondo, pakuti palibe mkulu wa asilikali amene angasankhe malo oti mdani aime pamtunda n'kumaponya mivi m'bwalo. Chimene ankafuna ndi madzi. Kamtsinje kochokera kumpoto kamatsika m'chigwamo, kudutsa m'madziwe okumbidwa ndi anthu, kulowa m'ngalande yaikulu ya ngodya zinayi yozungulira nyumba yonse, kenaka n'kutulukira ku dziwe la kum'mwera. Makoma akunja amatuluka m'madzi mwenimwenimo, popanda ndi kanjira komwe pakati pa khoma ndi madzi, ndipo wolowa amawoloka pa umodzi mwa milatho itatu. Pamene lero pali kapinga wotambalala kumpoto kwa nyumba, kale panali dziwe la nsomba za pakhomo.

Ngalande yotereyi inkathandiza njira zingapo nthawi imodzi. Inkaletsa mbala za usiku, inkakokolola zonyansa za m'khitchini ndi za m'zimbudzi, ndipo koposa zonse inkauza mlendo kuti wafika pakhomo pa munthu wolemekezeka. Alendo ambiri akaona makoma ataima m'madzi amaganiza kuti ngalandeyo ndiyo imawononga nyumba. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Maziko a miyala yolimba amene akhala m'madzi oyenda kwa zaka zoposa 600 anakhazikika kalekale, ndipo choopsa kwa iwo n'kusintha kwadzidzidzi, monga kuphwetsa ngalande kwa nthawi yaitali nthaka n'kuuma n'kunyala. Madzi amene amawononga nyumba ngati iyi ndi ochokera kumwamba, ndipo ndibwereranso ku mfundo imeneyi.

Holo ndi zipinda zoyambirira

Chimake cha nyumbayi ndi holo yaikulu imene ili kum'mawa kwa bwalo la pakati pa nyumba, kuyang'anizana ndi chipata. Zaka zake zinadziwika powerenga mizere yozungulira ya m'kati mwa mitengo ya padenga. Mtengo umawonjezera mzere umodzi chaka chilichonse, wonenepa chaka cha mvula yabwino, wowonda chaka chovuta, ndipo akatswiri akayerekeza ndondomeko ya mizereyo ndi ya mitengo ina ya zaka zodziwika amapeza nthawi imene mtengowo unagwetsedwa. Popeza akalipentala a nthawi imeneyo ankasema mtengo wa oak ukadali wauwisi, chaka chodulira mtengo sichitalikirana ndi chaka chomangira. Motero tikudziwa kuti holoyi inaima kutangotsala zaka zochepa kuti mliri wa Black Death ufike ku England mu 1348. Mwini nyumba woyamba wotchulidwa m'zolemba ndi Sir Thomas Cawne, amene anali nayo cha m'ma 1360, ndipo chifanizo chake chosemedwa pamwala, atavala za nkhondo, chikadali m'tchalitchi cha St Peter m'mudzi wa Ightham.

Holoyi si yaikulu pansi, mamita pafupifupi 9 m'litali ndi 6 m'lifupi, koma kutalika kwake kuchoka pansi kufika pansonga ya denga kumapitirira mamita 11. Kutalika kumeneku kunali ndi ntchito yake. Poyamba munalibe chumuni, moto unkasonkhedwa pakati pa chipinda, utsi n'kumakwera kukatulukira pa kabowo ka padenga. Aliyense amene anakulira pakhomo pa khitchini ya udzu akudziwa mmene utsi umadetsera mapaso ndi mmene umalowera m'maso denga likakhala lalifupi, ndipo akafika muno savutika kumvetsa chimene omanga anakwezera denga chotere. Holo inali chipinda cha onse. Mbali ina kunali makomo opita kukhitchini ndi kosungira zakudya ndi zakumwa, mbali inayo kunkakhala mwini nyumba ndi banja lake, ndipo ulemu wa munthu unkaoneka ndi pamene wakhala pakati pa mbali ziwirizo.

Denga limachirikizidwa ndi uta waukulu wa miyala wodutsa chopingasa chipindacho, pamodzi ndi mauta ena a mitengo. Ndinakhala nthawi yaitali pansi pa miyala yotulukira kukhoma imene mautawo amatsamirapo, chifukwa pamenepo amisiri anasemapo tianthu tonyamula katundu. Kena kakhwinyata nkhope, mapewa atakwera kufika m'makutu, ngati munthu amene wasenzetsedwa thumba lomupitirira mphamvu ndipo akungodikira woti amutule. Wosemayo ankadziwa bwino kulemera kumene kumatsikira pa mwala umenewo, ndipo anakuonetsa pa thupi la munthu kuti wosadziwa za mamangidwe akuonenso.

Kuseri kwa holo, chakumpoto cha kum'mawa, kuli zipinda zina za msinkhu womwewo. Pansi pali chipinda cha miyala chokhachokha, denga lake lokhota lomangidwa ndi miyala yolukana, chimene chili pafupi kwambiri ndi msinkhu wa madzi a m'ngalande. Pamwamba pake pali chipinda chakale chopemphereramo, ndipo pambali pali zipinda ziwiri zam'mwamba zimene banja linkagonamo ndi kuchezeramo kutali ndi phokoso la m'holo. Pakhoma lolekanitsa chimodzi mwa zipindazi ndi chopemphereramo pali kazenera kakang'ono, koti munthu aone guwa ndi kumva mapemphero asanatuluke m'chipinda chake. Madenga a zipindazi ali ndi kamangidwe kofala ku Kent m'nthawi imeneyo, kotchedwa crown post: kansanamira kafupi kamaima pakati pa mtanda wopingasa, n'kunyamula mtanda wina wautali wotsata litali la nyumba, umene umagwira mapaso onse kuti asapendekere mbali imodzi.

Mmene bwalo linatsekedwera

Nyumba ya m'ma 1340 sinali yozungulira bwalo monga ikuonekera lero. Mbali zinazo zinabwera pang'onopang'ono, makamaka m'nthawi ya banja la Haute, limene linatenga malowa kudzera mu ukwati chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 ndipo linali pachibale ndi Elizabeth Woodville, mkazi wa mfumu Edward IV. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, mbali zonse zinayi zinali zitamangidwa, nsanja ya pachipata cha kumadzulo itakwezedwa, ndipo kutsidya kwa ngalande kunali bwalo lachiwiri la makola a akavalo, amene pambuyo pake anasandutsidwa nyumba zokhalamo. Pambali pa chipata pali mng'alu wopapatiza wolowa m'khoma mokhota, woti mlonda alankhule ndi mlendo kapena alandire kalata chitseko chili chitsekere. Nthawi yomweyo holo inalandira zenera lalikulu la magawo asanu loyang'ana m'bwalo, ndipo m'kupita kwa nthawi moto unachoka pakati n'kupita kukhoma kumene anamangako chumuni.

Mu 1521 nyumbayi inagulidwa ndi Sir Richard Clement, amene anatumikirapo kunyumba ya mfumu. Iyeyu anakongoletsa pamalo oonekera ndi zizindikiro zosonyeza kukhulupirika kwake kwa mfumu Henry VIII ndi mkazi wake woyamba, Catherine of Aragon: duwa la rozi la banja la Tudor ndi khangaza, chipatso chimene chinali chizindikiro cha mfumukaziyo. Zizindikirozi zili m'magalasi a zenera la holo, pa matabwa osemedwa a m'mphepete mwa madenga oyang'ana m'bwalo, ndiponso pa siling'i yokhota ya chipinda cham'mwamba chakumpoto chimene lero chimatchedwa New Chapel. Siling'iyo ndi ya matabwa opakidwa utoto pamanja, ndipo ngakhale utotowo unazilala, zojambula zikuonekabe munthu akazolowera kuwala kochepa kwa m'chipindamo. Pasanathe zaka zambiri mfumu inamusiya Catherine, mu 1533, ndipo m'malo ambiri zizindikiro zake zinafafanizidwa, koma kuno m'chigwa chobisika zinatsala. Kwa ine siling'i imeneyi ndiyo chinthu chosalimba kwambiri m'nyumba yonse, chifukwa mtanda wowola tikhoza kuulumikiza, pamene utoto wa m'ma 1520 ukasupuka palibe amene angaubwezere.

Banja la Selby, lochokera kumalire a England ndi Scotland, linagula nyumbayi mu 1591 n'kukhala nayo mpaka 1889, zaka pafupifupi 300. Chipinda chochezera cham'mwamba, chakumpoto cha kumadzulo, chimasonyeza khalidwe lawo lonse. Muli malo osonkhapo moto okhala ndi zosema zazikulu za koyambirira kwa zaka za m'ma 1600, zenera la magawo atatu la m'ma 1700 limene gawo lake lapakati ndi lokhota pamwamba, ndi mapepala omata kukhoma ochokera ku China, ojambulidwa pamanja mitengo, maluwa ndi mbalame. Zinthu zitatuzi sizinapangidwire pamodzi, komabe palibe chimene chinachotsedwa kuti chinzake chilowe bwino. M'bwalo muli wotchi ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 imene ili ndi muvi umodzi wokha, wa maola. Mu 1872 katswiri wa mapulani a nyumba Richard Norman Shaw anakutira makoma a holo ndi matabwa a oak.

Sir Thomas Colyer-Fergusson, amene anagula malowa mu 1889, anapeza nyumba itatopa, ndipo anakonza zambiri, kuika mabafa ndi mipope yotenthetsera zipinda, ndi kusandutsa chipinda chosungira katundu kukhala chosewereramo biliyadi. Cha m'ma 1890, m'bwalo munamangidwa kanyumba ka galu wamkulu wa mtundu wa St Bernard dzina lake Dido, kamangidwe kake kotsanzira nyumba yeniyeniyo, ndipo lero kanyumbako kamatetezedwa pa mlingo womwewo wa Grade I.

Ndikayang'ana mndandanda wa eni akewa, ndimaona kuti nyumbayi inapulumuka chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anaigwetsa kuti ayambirenso. M'zaka za m'ma 1700 mabanja ambiri olemera ku England anasiya nyumba za m'zigwa zoyang'ana m'bwalo, n'kumanga zatsopano pamtunda, za mazenera aakulu oyang'ana minda. A Selby anakhutira ndi kusintha zenera apa, kumata pepala apo.

Zomangira

Makoma apansi ndi a mwala wa m'deralo wotchedwa Kentish ragstone, wotuwa, wolimba, womwe Aroma anamangira linga la London ndipo unagwiritsidwanso ntchito pa Tower of London. Mwalawu ndi wovuta kuusema kuti ukhale wa ngodya zowongoka, choncho mipata ya pakati pa miyala imakhala yotakata. Omanga a ku Kent anali ndi njira yawo: matope a laimu akadali ofewa, ankasomekamo tizibenthu ta miyala, timene timachepetsa matope oonekera kunja ndi kuletsa kuti asang'ambike pouma. Ukaima pamlatho n'kuyang'anitsitsa khoma, umaona mizere ya timiyala timeneti yotsata mpata uliwonse, kalikonse koikidwa ndi chala cha munthu, ndipo kutalikirana kwake kumasintha pamene dzanja la m'misiri wina linalowa m'malo mwa la mnzake.

Pamwamba pa miyala, mbali zambiri ndi za mafelemu a oak. Mitengoyo sinalumikizidwe ndi misomali. Nsonga ya mtengo wina inkasemedwa kuti ilowe m'bowo logobedwa mwa unzake, kenaka ankakhomamo chikhomo cha mtengo, ndipo bowo la chikhomo ankaliboola mophonyana pang'ono kuti chikhomocho polowa chikoke mitengo iwiriyo kuti igwirane zolimba. Nzeru yake ndi yakuti oak ali ndi asidi amene amadya chitsulo pakakhala chinyezi, pamene chikhomo cha mtengo chimafufuma ndi kunyala limodzi ndi felemu. Felemu lonse linkakonzedwa pansi, kulembedwa zizindikiro, kuphwasulidwa, n'kukaimikidwa pamalo pake. Mtengo wauwisi ukamauma umapindika ndi kung'aluka, n'chifukwa chake m'nyumba zotere levulo sigwirizana ndi pansi kapena mphuthu ya chitseko, ndipo kupendekeka kumeneko kawirikawiri kunachitika zaka zoyambirira n'kuima. Wophunzira ntchito yathu ayenera kudziwa kusiyanitsa kupendekeka kwakale kokhazikika ndi kusuntha kumene kukuchitika lero.

Mipata ya pakati pa mitengo inkatsekedwa ndi timitengo tolukana kapena mbaliro, n'kumatidwa ndi dothi losakaniza ndi udzu kapena pulasitala wa laimu wothira ubweya wa nyama. Owerenga ambiri adziwa kamangidweka, chifukwa sikasiyana kwenikweni ndi nyumba zomata za kwathu, za mitengo, nsungwi ndi dothi. Kusiyana kwake kuli pa felemu lochindikala ndi pa maziko a miyala amene amakweza mtengo kuti usakhudze nthaka. Madenga ndi a matailosi athyathyathya a dongo lowotcha, lililonse lokhala ndi mabowo awiri olowetsamo tizikhomo tokolekera pa mbaliro, ndipo pamene madenga awiri akumana pali mipita ya mtovu. Njerwa zofiira zinabwera pambuyo, makamaka pa machumuni ndi pokonza.

Chimene chimawononga nyumba yotere

Zomangira zonsezi zili ndi khalidwe limodzi: zimamwa madzi mvula ikagwa, ndipo zimawatulutsa mphepo ikawomba. Laimu amapangidwa powotcha mwala wake pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900, kuuthira madzi, n'kuusiya kuti ukhale phala, ndipo akamangira amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya. Amakhala wofewa kuposa mwala, choncho nyumba ikasuntha pang'ono, chimene chimalola ndi matope, mwala n'kutsala wabwino. Simenti ya Portland, imene Joseph Aspdin analembetsa mu 1824, ndi yolimba ndipo silola madzi kudutsa. Pa nyumba yatsopano zimenezi n'zabwino, koma pa felemu la oak zimabweretsa ngozi, chifukwa mtengo ukanyala m'chilimwe pamatseguka kamng'alu pakati pa mtengo ndi simenti, mvula imalowa pamenepo, ndipo ikalowa ilibe potulukira.

Ndinaziona ndi manja anga pa nyumba ina ya pafamu m'chigawo chomwechi, imene sindiitchula dzina. Mipata yonse ya felemu inali itadzazidwa simenti zaka zapitazo, mitengo itapakidwa penti wakuda wonyezimira, ndipo poyang'ana patali nyumbayo inkaoneka yathanzi. Nditatsamiza sikuludiraiva pa mtanda wapansi umene nsanamira zonse zimaimapo, inalowa mpaka pachigwiriro popanda kukankha, ndipo potuluka inabwera ndi zinyenyeswazi zonyowa zofiirira zonunkha ngati nthaka ya m'nkhalango. Mwini nyumba, mayi wachikulire amene anaisamala ndi mtima wonse, anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati anali atalakwitsa poipaka penti chaka ndi chaka. Ndinawauza zoona, kuti anachita zimene analangizidwa, ndipo malangizowo anali ofala nthawi imeneyo.

Chinyezi cha mu mtengo chikapitirira magawo 20 pa 100 aliwonse kwa nthawi yaitali, bowa wowoletsa amayamba ntchito. Mtengo ukafewa ndi bowa, kamabwera kachikumbu kotchedwa deathwatch beetle, kamene kamaikira mazira m'ming'alu. Mphutsi zake zimadya m'kati mwa mtanda kwa zaka zingapo, nthawi zina kufika khumi, kunja kukuoneka bwino, monga achitira nankafumbwe m'chimanga. Zikakula zimatuluka pa timabowo ta mamilimita pafupifupi 3, ndipo m'miyezi ya April ndi May munthu akakhala chete m'chipinda amamva kugogoda kwa tizikumbuto tikumenyetsa mitu pamtengo poitanana. Kuthira mankhwala pamwamba sikufika pakati pa mtanda wochindikala. Chothandiza chenicheni ndi kuumitsa mtengo, kutanthauza kupeza pamene madzi akulowera. Pamene National Trust inalandira Ightham Mote, kuwola ndi kachikumbuka zinali zitalowerera m'mafelemu ambiri, makamaka pa nsonga za mitanda zokwiririka m'makoma ndi pansi pa mipita ya padenga, malo amene diso silifika.

Chitetezo cha lamulo

Ku England nyumba zakale zofunika zimalembedwa m'kaundula amene amasungidwa ndi bungwe la boma la Historic England, m'magulu atatu: Grade I, Grade II* ndi Grade II. Za Grade I ndi zochepa, pafupifupi ziwiri ndi theka pa 100 zilizonse zolembedwa. Malinga ndi lamulo la Planning (Listed Buildings and Conservation Areas) Act la 1990, munthu sangagwetse kapena kusintha nyumba yotere m'njira yokhudza ukale wake, kunja ngakhale m'kati, popanda chilolezo cha khonsolo, ndipo kuchita zimenezo popanda chilolezo ndi mlandu. Malo a Ightham Mote amatetezedwanso ngati malo a zofukula zakale, choncho ngakhale kukumba ngalande ya paipi kumafuna chilolezo chakechake.

Komabe lamulo limangoletsa dzanja la munthu, silifolera denga. Sir Thomas Colyer-Fergusson atamwalira mu 1951, katundu wa m'nyumba anagulitsidwa pa okushoni, ndipo panali maganizo oti nyumbayo igawidwe kukhala mafulati kapena igwetsedwe kuti apezepo mtovu wa padenga. Amuna atatu a m'deralo, William Durling, John Goodwin ndi John Baldock, anasonkha mapaundi 5,500 n'kuigula kuti iyembekeze mwini woyenera. Mu 1953 inagulidwa ndi Charles Henry Robinson, wamalonda wa ku Portland, m'boma la Maine ku America, amene anaiona ali mnyamata n'kuikonda. Iye anaisamala kwa zaka zoposa 30 ndipo anaisiyira National Trust pomwalira mu 1985.

Ntchito ya 1989 mpaka 2004

Kukonza kunayamba mu 1989 n'kutha mu 2004, ndipo kunadya mapaundi pafupifupi 10 miliyoni, ntchito yaikulu kuposa ina iliyonse ya mtunduwu imene bungweli linali litagwirapo kufika nthawi imeneyo. Anaigwira chigawochigawo, mbali ina ikukonzedwa ina ili yotsegukira alendo. M'malo ambiri panafunika kusasula matailosi, kuchotsa matabwa a m'makoma ndi a pansi, kulemba nambala pa chilichonse, kujambula mmene chinakhalira, kukonza felemu, n'kubwezera zonse pamalo pake. Kusasulako n'kumene kunapatsa ofufuza mwayi woona mafupa a nyumba ndi kutenga zitsanzo za mitengo, ndipo zambiri zimene tikudziwa za zaka za mbali iliyonse zinatsimikizika nthawi imeneyo.

Pa mitengo, njira imene ikuoneka ponseponse ndi yodula gawo lowola lokha n'kulumikizapo oak watsopano ndi mfundo yopendeketsa, m'malo mochotsa mtanda wonse. M'chipinda china cham'mwamba ndinayendetsa dzanja pa nsanamira kuchokera pamwamba: mtengo wakale wakuda, wa mabampu a nkhwangwa ndi kasemasema, kenaka mzere wopyapyala wopendekeka, kenaka mtengo wotuwira wosalala umene sunayesedwe kuukalambitsa ndi utoto. Mfundo imeneyi si yatsopano. Bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings, limene William Morris anayambitsa ndi anzake mu 1877, linkalimbikira kuti nyumba yakale ikonzedwe moona mtima, chatsopano chizidziwika kuti n'chatsopano, ndipo isabwezeredwe ku maonekedwe ongoganizira a nthawi ina.

Chosankha chachikulu chinali pa funso lija ndinayamba nalo. Kukanatheka kuchotsa matabwa a Norman Shaw m'holo, kutseka zenera la m'ma 1700, kugwetsa kanyumba ka galu, n'kuonetsa alendo nyumba ya m'ma 1400. Anasankha kusunga nyumbayo monga inalili mu 1985, ndi zonse zimene mibadwo inasiyamo, mpaka laibulale ndi zipinda za Robinson zokongoletsedwa mwa kukonda kwa munthu wa ku America wa m'ma 1950. Ndikuona kuti anasankha bwino, ndipo chifukwa changa ndi cha ntchito, osati cha chifundo chokha. Wochotsa zowonjezera za mibadwo yapambuyo sapeza nyumba yoyambirira ili yathunthu pansi pake. Amapeza mabowo ndi zipsera, ndipo kuti azitseke amayamba kupeka, mapeto ake amakhala atataya chinthu chenicheni cha 1872 n'kuikapo chongoyerekeza cha 1340. Sindibisa kuti kusasula kochuluka chotere kuli ndi mtengo wake, pakuti pulasitala wakale akagumulidwa sabwerera chimodzimodzi ngakhale m'misiri akhale waluso bwanji. Koma pamene nsonga za mitanda zasanduka ufa m'kati mwa khoma, palibe njira yozifikira popanda kutsegula.

Zoyenera kuyang'anira

Ulendo wanga wa tsiku la mvula ndinauthera pafupifupi wonse m'bwalo, nditatsamira pansi pa chipata, kutsatira ndi maso kumene madzi akupita. Nyumba yozungulira bwalo ili ndi vuto lakuti theka la madenga ake limathira madzi m'kati, ndipo pano madenga ndi ambiri, a misinkhu yosiyana, okumana m'ngodya zimene palibe anazikonzeratu chifukwa mbali iliyonse inamangidwa pa nthawi yake. Paliponse pamene denga la m'ma 1300 lakumana ndi la m'ma 1400 pali mpita wa mtovu, ndipo pansi pa mpita uliwonse pali mtanda wa oak. Tsikulo madzi ankayenda bwino, kutsika m'mipope, kudutsa pa miyala yoyalidwa m'bwalo, n'kukatulukira m'ngalande. M'kope langa ndinalemba malo atatu amene nyumba ya mtundu umenewu imafuna kuti munthu aziwakwerera chaka ndi chaka: mipita ya pakati pa madenga, makamaka mu November masamba a mitengo ya m'zitunda akayoyoka, polumikizana machumuni ndi matailosi, ndi mitanda yapansi ya mbali ya kumpoto, kumene dzuwa silifika mokwanira ndipo ndere zimasunga chinyezi. Ndinawonjezeranso lachinayi, denga la pamwamba pa siling'i ya Clement, kumene tailosi limodzi lotsetsereka lingadonthezere madzi pa utoto kwa nyengo yonse yachisanu wapansi asanaone banga.